Thanki Lero, Nsomba Mwezi wa Mawa

Lero tikamba za nsomba, koma musathamangire kukatsuka poto, chifukwa nsomba zake si za ndiwo. Ndi zija zimakhala m'thanki yagalasi pabalaza, ntchito yake kungoziyang'ana zikusambira.

Ambiri tinaziona koyamba pamalo ofikira alendo ku hotela kapena mu ofesi ya bwana wina. Amene anapitako ndi mwana akudziwa zotsatira zake. Mwana amakanirira pagalasipo, ndipo njira yonse yobwerera kunyumba mawu ake ndi amodzi: adadi, tiguleko zathu. Malipiro akalowa, bambo amagula thanki m'mawa, masana athira madzi, madzulo aponyamo nsomba khumi, anthu apanyumba onse n'kusonkhana kudzaona. Pakapita masiku anayi kapena asanu, imodzi yayandama chagada. Mawa lake ziwiri. Sabata yachiwiri isanathe thanki ija yasanduka mosungira manyuzipepala akale. Pamenepo mlandu umasowa pogwera. Wina amati wogulitsa anatipatsa zodwala, wina amaloza mwana kuti anapisamo dzanja, ndipo ena amafika pokayikira mlendo amene anabwera Lamlungu n'kuziyamikira mopitirira muyeso.

Mlendoyo musiyeni, alibe chifukwa. Nsombazo zinafa chifukwa thanki ndi nsomba zinagulidwa tsiku limodzi. Pakati pa tsiku lothira madzi ndi tsiku loikamo nsomba payenera kudutsa masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi, ndipo ndikufuna titaye nthawi pang'ono pamenepa, poti zina zonse zimene tikambe lero zatsamira apa.

Nsomba imadya, ndipo chodya chimatulutsa. Zambiri mwa zoipa za m'thupi mwake zimatuluka ngati amoniya, podzera m'ziwalo zopumira zija zili m'mbali mwa mutu. Zitosi zake ndi zakudya zotsala zikaola pansi zimaonjezeranso amoniya yemweyo. M'nyanja kapena mumtsinje madzi ndi ochuluka, amoniyayo amasungunukiramo osaoneka ndi komwe. M'thanki ya malita 60 alibe kolowera. Amachuluka tsiku ndi tsiku, n'kumawotcha ziwalo zopumira, ndipo mudzaona nsomba zili pamwamba pa madzi kukamwa kuli yasa, ngati zikupempha mpweya. Madziwo amaoneka oyera bwinobwino, n'chifukwa chake mwininyumba sakhulupirira kuti muli poizoni. Komanso amoniya amaluma kwambiri m'madzi ofunda ndi m'madzi a laimu wambiri, monga a m'mijigo yambiri kuno kwathu.

Amene amachotsa poizoniyu ndi mabakiteriya, tizilombo tosaoneka ndi maso. Gulu loyamba limadya amoniya n'kumusandutsa naitiraiti. Ameneyunso ndi woopsa, chifukwa amalepheretsa magazi a nsomba kunyamula mpweya. Gulu lachiwiri limadya naitiraiti uja n'kumusandutsa naitireti, amene nsomba zimatha kumupirira akakhala wochepa, ndipo zomera za m'madzi zimamumwa ngati feteleza. Tizilomboti sitiyandama m'madzi, timamatirira pa siponji ya mu fyuluta, pa miyala ndi pa mchenga. Tsoka lake timaswana pang'onopang'ono, makamaka gulu lachiwirilo. Thanki yatsopano, yonyezimira, yochokera kusitolo, imakhala ilibe tizilomboti. Nsomba khumi zikalowamo tsiku loyamba zimakhala zikutulutsa poizoni popanda womuchotsa.

Ndiye chochita n'chiyani? Ikani mchenga ndi miyala, thirani madzi, yatsani fyuluta, ndipo izigwira ntchito usana ndi usiku m'thanki yopanda nsomba. Masiku awiri alionse tsinani chakudya cha nsomba pang'ono n'kuwazamo, kuti chiziola n'kumapatsa tizilombo tija chakudya. Alendo adzakusekani kuti mukudyetsa madzi. Asiyeni aseke. Mwina pa sabata yoyamba madzi adzachita mbuu ngati mwagweramo mkaka. Musawataye, adzayera okha pakapita masiku ochepa. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pankhani iyi palibe mankhwala a m'botolo amene angapose mwambiwo.

Njira yachidule ilipo imodzi yokha imene ndimaikhulupirira. Ngati muli ndi mnzanu amene thanki yake yatha chaka nsomba zili zathanzi, mupempheni kachidutswa ka siponji yakale ya mu fyuluta yake, yakuda ndi matope yomweyo. Muinyamule ili m'madzi a m'thanki mwakemo, isaume panjira, mukaiike mu fyuluta yanu tsiku lomwelo. Zili ngati kukapala moto kwa aneba m'malo molimbana ndi nkhuni zaziwisi. Masabata asanu ndi limodzi aja akhoza kutsika kufika pa awiri. Amene angapeze timabotolo toyezera madzi, agule, n'kudikira mpaka amoniya ndi naitiraiti onse awiri aonetse 0. Amene sangatipeze, adikire masabata asanu ndi limodzi athunthu, ayambe ndi nsomba zitatu kapena zinayi, n'kumaonjezera zochepa pakatha masabata awiri alionse.

Tsopano za thanki yeniyeniyo. Woyamba kumene amaganiza kuti kathanki kakang'ono ndiye kosavuta. Ayi ndithu, kakang'ono ndiye kovuta, chifukwa madzi ochepa amaipa msanga, amatentha msanga, amazizira msanga. Kambale kagalasi kozungulira kaja mumakaona m'mafilimu kali ndi nsomba yagolide imodzi, inu kaiwaleni. Nsomba yagolide, imene anthu a ku China anayamba kuiweta zaka zoposa 1,000 zapitazo, imakula kupitirira masentimita 20 ndipo ikasamalidwa imakhala ndi moyo zaka zoposa 10. Ija imafa ili ndi miyezi itatu m'kambale sikuti yakalamba. Poyambira pabwino ndi thanki ya masentimita 60 m'litali, 30 m'lifupi ndi 30 msinkhu, imene imalowa malita 54. Ngati thumba likulola, ya malita 100 ndi yabwino koposa.

Musaiwale kuti lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi. Thanki ya masentimita 120 m'litali, 45 m'lifupi ndi 45 msinkhu imalowa malita oposa 240. Mukaphatikiza galasi, mchenga ndi miyala, mwadutsa makilogalamu 300, kuposa matumba asanu ndi limodzi a simenti. Kabati ya matabwa autuchi ija munagulira TV singapirire, ndipo ikangonyowa imafufuma. Pitani kwa owotcherera zitsulo akupangireni choikapo cholimba, mubwereke levulo kwa amisiri omanga kuti chisapendekeke, ndipo pansi pa galasi muyalepo chithovu choyera chija chimabwera m'makatoni a zipangizo zamagetsi. Odula magalasi m'tauni akhoza kukumatirani thanki pamtengo wotsikirapo kusiyana ndi yochokera kunja. Kwa yaing'ono ija galasi la mamilimita 6 likwanira, kwa yaikuluyo la mamilimita 10. Koma muyang'anitsitse silikoni amene akumatira. Uja wa m'bafa ndi m'khitchini amakhala ndi mankhwala opha nkhungu, ndipo mankhwalawo amaphanso nsomba. Ikauma, muidzaze madzi panja ikhale masiku awiri. Kudontha kuonekere pakhonde, kusiyana n'kuti kuonekere pa kapeti ya amayi pakati pa usiku.

M'nyumba muiike kutali ndi zenera lolowa dzuwa, apo ayi muziweta ndere. Nyale yake iziyaka maola 8 patsiku basi. Chivundikiro chikhalepo, poti nsomba zimalumpha ndipo ana amakonda kuzigawira bisiketi.

Madzi a pampopi amakhala ndi klorini, amene amatiteteza ife ku kolera koma amapha nsomba ndi mabakiteriya tawavutikira aja. Tungani madziwo m'ndowa, akhale osavundikira tsiku limodzi kapena awiri kuti klorini auluke, kapena gulani timadontho tochotsera klorini kwa ogulitsa nsombazo. Ndowa imeneyo ikhale ya nsomba zokha. Isaonepo sopo, isaonepo mankhwala ochapira, ndipo muilembe dzina kuti wina asakanyikemo matewera. Mchenga wa kumtsinje ndi wabwino ndipo ndi waulere, bola muutsuke mpaka madzi atuluke oyera, kenaka muuyanike padzuwa masiku angapo. Miyala muithire madzi otentha n'kuikwecha ndi bulashi. Kuti mudziwe ngati mwala uli ndi laimu, dontheziranipo viniga. Ukachita thovu, laimu alimo. Mwala wotero ndi wabwino kwa nsomba za m'Nyanja ya Malawi, koma suyenera tinsomba ta ku Amazon monga neon tetra, timene timafuna madzi opanda laimu. Chimene musatenge kumtsinje kapena kunyanja ndi nkhono ndi zomera zimene nkhono zabisalamo. Nkhono zina za m'madzi athu ndi zimene zimasunga tizilombo ta likodzo, ndipo dzanja lanu lizilowa m'thankimo sabata iliyonse.

Mabuku ambiri a nkhaniyi analembedwa m'maiko amene magetsi sazima, choncho sanena kanthu za vuto limene ife timakumana nalo. Mabakiteriya aja amafuna mpweya. Fyuluta ikaima maola ochepa palibe choopsa, koma ikaima tsiku lonse, makamaka ija yotsekeka yokhala kunja kwa thanki, tizilomboto timayamba kufa, ndipo magetsi akabwera imalavulira madzi onunkha m'thanki. N'chifukwa chake ine ndimalimbikitsa fyuluta ya siponji, yotchipa ija imakhala m'madzi momwemo n'kumayendetsedwa ndi kapampu ka mpweya. Kapampuko sikadya magetsi ambiri, ndipo masiku ano kulinso tina toyendera mabatire kapena power bank ya foni. Ngati mulibe zonsezi, tengani kapu, muzitunga madzi a m'thanki n'kumawatsanulira momwemo kuchokera m'mwamba, kangapo pa ola. Ndipo tsiku lopanda magetsi nsomba zisadye.

Nsomba za kumalo otentha zimafuna madzi a madigiri 24 mpaka 27. Wa ku Salima, ku Mangochi kapena ku Nsanje nkhawa yake ndi ya mu October, madzi akatenthetsa n'kuchepa mpweya. Wa ku Dedza, ku Mzuzu, kapena wa ku Blantyre nthawi ya chiperoni, agule hita, pafupifupi wati imodzi pa lita iliyonse. Usiku wa mu June ndi July ukazizira mwadzidzidzi, nsomba zimatuluka timadontho toyera pathupi ngati zawazidwa mchere, ndipo matenda amenewa amafala msanga. Magetsi akazima usiku wotero, fundikani thankiyo bulangete.

Nanga nsomba zake ziti? Kwa thanki yaing'ono ija, ma guppy ndi ma platy ndi opirira. Kwawo kwa guppy ndi ku Trinidad ndi ku Venezuela, ndipo saikira mazira, amabereka ana amoyo pafupifupi mwezi uliwonse, kotero konzekerani kugawira anzanu. Pogula, thumba limene abweramo liyandame m'thanki mphindi 20 kuti madzi afanane kutentha, kenaka muwatulutse ndi kaukonde, madzi a kusitolo osawathiramo.

Koma ndikudziwa kuti ambiri mwa inu mtima uli pa mbuna, nsomba za m'miyala za m'Nyanja ya Malawi, ndipo m'pomveka. Mukalowa m'sitolo ya nsomba zoweta ku Germany, ku Japan kapena ku America, mudzapeza mzere wa mathanki olembedwa dzina la dziko lathu. Nyanja ya Malawi ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere padziko lapansi. Ya banja la chambo yokha ilipo mazana angapo, ndipo pafupifupi yonse sipezeka kwina kulikonse. N'chifukwa chake paki ya ku Cape Maclear inakhazikitsidwa mu 1980, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linaiika pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse. Kuyambira m'zaka za m'ma 1970, malemu Stuart Grant ankatumiza nsomba zamoyo kunja kuchokera ku Kambiri Point, kufupi ndi Senga Bay ku Salima, ndipo pali nsomba yotchedwa Aulonocara stuartgranti pomulemekeza. Zimandiwawa pang'ono kuti mwana wa ku Hamburg akhoza kutchula mitundu khumi ya mbuna, pamene wa ku Lilongwe amangodziwa chambo, usipa ndi utaka, nazonso zili m'mbale.

Mbuna ndi zokongola, zabuluu, zachikasu, zamizeremizere, koma ndi zandewu. Kunyanja yamphongo iliyonse imakhala ndi mwala wake, ndipo ina ikayandikira imathamangitsidwa. M'thanki yothamangitsidwayo ilibe kothawira. Choncho mbuna zimafuna thanki yosachepera masentimita 120, yodzaza miyala younjikana kuti pakhale mapanga ambiri. Miyalayo iyambe kukhala pansi, mchenga ubwere pambuyo, chifukwa mbuna zimakumba ndipo zikafukula pansi pa mwala umagwera pagalasi. Yamphongo imodzi ikhale ndi zazikazi zitatu kapena zinayi. Chodabwitsa n'chakuti mbuna ziwiri kapena zitatu zokha zimaphana msanga kuposa 12, poti zikachuluka wankhanzayo sadziwa woti alimbane naye. Woyamba kumene asankhe yachikasu ija yotchedwa Labidochromis caeruleus, imene kwawo ndi ku Lion's Cove kumpoto kwa Nkhata Bay, chifukwa ndi yofatsirapo. Melanochromis auratus, yamizere yagolide ndi yakuda, imakopa maso ikadali yaing'ono, koma ikakula imalamulira thanki yonse ndi mano. Ma guppy musawaphatikize ndi mbuna, mungokhala mwazigulira ndiwo.

Zikakhazikika mudzaona chinthu chimene asodzi amachidziwa pa chambo koma ambiri a ife sitinachionepo ndi maso. Yaikazi imaikira mazira n'kuwatola ndi pakamwa. Yamphongo ili ndi timadontho tooneka ngati mazira pa chipsepse chake chapansi, ndipo yaikazi ikamalondola timadonthoto mbewu ya yamphongo imalowa m'kamwa n'kukumana ndi mazira. Kwa masabata pafupifupi atatu mayiyo amayenda khosi lili lotupa, osadya, mpaka tsiku lolavula ana osambira okha. Anthu ena poona kuti yasiya kudya amathamangira kuthira mankhwala. Yang'anani khosi kaye.

Pali kambuna kena kotchedwa saulosi, kamphongo kabuluu, kakakazi kachikasu. Kanapatsidwa dzinali mu 1990 ndi katswiri Ad Konings polemekeza Saulos Mwale, Mmalawi wodziwa kumira pansi pa nyanja. Kwawo ndi pa miyala imodzi yokha ya pansi pa madzi yotchedwa Taiwanee Reef, kufupi ndi chilumba cha Chizumulu. Anthu akunja anakakonda, kanagwidwa kochuluka, mpaka kanalowa pa mndandanda wa bungwe la IUCN wa zamoyo zimene zatsala pang'ono kutheratu, ndipo zinafika poti ena obadwira m'mathanki anabwezeretsedwa pa miyala ya kwawoyo. Ndiye inu musapite kunyanja ndi chidebe kuti mukadzigwirire. M'paki ya ku Cape Maclear, madzi a mamita 100 kuchokera kugombe la pakiyo ndi otetezedwa, ndipo lamulo la za usodzi limafuna chilolezo pa kugwira ndi kusamutsa nsomba zamoyo. Ofesi ya za nsomba ya m'boma lanu ikuuzani amene ali ndi chilolezo chogulitsa. Mbuna zobadwira m'thanki zimazolowera msanga kuposa zogwidwa kunyanja.

Pa kadyetsedwe, dzanja likhale louma. Kamodzi kapena kawiri patsiku, chakudya chimene zingathe m'mphindi ziwiri. Nsomba zimaoneka zanjala nthawi zonse, makamaka zikaona munthu, koma zofa ndi kukhuta n'zambiri kuposa zofa ndi njala. Nyenyeswa za nsima ndi za buledi zimangoipitsa madzi. Mbuna zambiri kunyanja zimapala ndere pa miyala, matumbo ake ndi aatali oyenera zamasamba, ndipo mukamazipatsa zanyama kawirikawiri mimba zimatupa n'kufa, matenda amene oweta nsomba padziko lonse amawatcha Malawi bloat. Zigulireni chakudya chokhala ndi spirulina, ndipo nthawi zina kachidutswa ka nkhaka kapena nsawawa zowiritsa zosenda.

Sabata iliyonse chotsani gawo limodzi mwa magawo anayi a madzi, pokoka ndi kapaipi kuchokera pansi pamene pagona zitosi, n'kubwezeramo madzi ogonetsa aja. Otayidwawo kathirireni mpiru kuseri kwa nyumba, ali ndi manyowa. Musadzayese kukhuthula thanki yonse n'kuichapa mbee, chifukwa mukatero mwabwerera pa tsiku loyamba. Siponji ya mu fyuluta muziifinya m'madzi amene mwachotsa m'thankimo, osati pampopi. Ndipo ichi chikhale lamulo la pabanja: madzulo wina akafuna kupopera Doom kapena kuyatsa koyilo ya udzudzu, ayambe wazimitsa kapampu ka mpweya n'kuvundikira thanki ndi nsalu yonyowa, kapena akachitire chipinda china. Mankhwala opha udzudzu amapha nsomba pamlingo wochepa kwambiri. Chimodzimodzinso alangizi akabwera kudzapopera makoma. Neti ya udzudzu yonyikidwa m'mankhwala isadulidwe kupangira kaukonde.

Tsiku lina mudzatopa nazo, kapena adzakusamutsani kuntchito, kapena ma guppy adzaswana mpaka kusowa poponda. Gawirani anzanu, perekani kusukulu, bwezerani kwa wogulitsa, koma mumtsinje, m'damu kapena m'nyanja musatayemo kanthu, kaya nsomba kaya chomera. Namasupuni amene amatseka mtsinje wa Shire kwawo ndi ku South America, ndipo anafalikira m'maiko ambiri chifukwa anthu ankakonda duwa lake. Ku Nyanja ya Victoria anaikamo nsomba yachilendo yotchedwa Nile perch m'zaka za m'ma 1950, ndipo pofika m'ma 1980 mitundu pafupifupi 200 ya nsomba zachibale ndi mbuna zathu inali itasowa. Ngakhale mbuna yeniyeni ya ku Nkhata Bay siyenera kutayidwa ku Mangochi, chifukwa imakakwerana ndi mitundu ya kumeneko n'kusokoneza mtundu.

Pomaliza, funso limene limabwera nthawi ya Khirisimasi: tikupita kumudzi sabata imodzi, nsomba zidya chiyani? Nsomba zazikulu zathanzi zimatha sabata osadya popanda vuto. Sinthani madzi dzulo lake, onetsetsani kuti mayunitsi a magetsi ndi okwanira, tsekani chitseko muzipita. Ngati ulendo ndi wa masabata awiri ndipo pali wotsala pakhomo, musamusiyire chitini chonse. Mumangireni chakudya cha tsiku lililonse m'timapepala, chitinicho mubise.